Misangu ya M'munda mwa Magadalena

Kasina, 14 Novembala 2022

Mwana wanga Pilira,

Moni kumeneko ku Joni. Ndine bambo ako, Zikhalo. Kuno tadzuka, kungoti bondo lija layamba kundichitira mwano. Iwe uli bwanji? Chifuwa chija chinatha?

Cholembera chili m'manja mwa a Gerevazio, akatekisiti opuma aja, poti ine kusukulu ndinangodutsa pabwalo ndikuthamangitsa mbuzi. Za foni usandiuze. Tsiku lija unaimba, mayunitsi anatha ndisanamalize n'komwe kupereka moni wa anthu, ndipo khutu langali limangomva ngati njuchi zili m'chitini. Kalata siidula munthu pakamwa. Iyi ndipatsira a Bongani, a galimoto ya katundu aja, akamadutsa pa Chimbiya.

Nkhani ndi ya misangu. Iwe unachoka ikadali m'machubu, ndiye khala pansi umve. Kwathu ku Golomoti, kunsi kwa phiri, munda wopanda msangu timauseka. Chimanga cha pansi pake chimabiriwira mpaka kuda. Kuno kumtunda anthu sawudziwa mtengowu. Munda wa mayi ako utatopa, feteleza atakwera mosafikirika, ndinatsika kwathu kukatola njere m'khola la mbuzi, poti njere yodutsa m'mimba mwa mbuzi sivuta kumera. Zina mayi ako ankazidula kamphuno ndi chowengera zikhadabo, imodziimodzi, uku akundinena kuti ndawapatsa ntchito ya amisala. Machubu tinawasanja pathandala kuti muzu usalowe pansi, chifukwa msangu ukathyoka muzu, basi watha. Tinabzala makumi anayi. Chisanu cha mu Juni chinapha ina, mbuzi zinadya ina. Yatsala makumi awiri ndi itatu, ndipo chino ndi chaka chachisanu ndi chiwiri.

Tsono ukudziwa kuti pano ndine mkamwini. Ndakhala zaka makumi anayi, koma dothi ndi la mayi ako, ndipo poti anatisiya mu Meyi muja, tsopano ndi lako. Mwambo umati mkazi akamwalira, mkamwini amusudzule, abwerere kwawo. Mayi ako ali pamphasa anagwira mkono wa mlongo wawo, atsibweni ako a Alufeo, n'kunena kuti, "Achimwene, bambo a Pilira musawachotse mitengo yawo ikadali moyo." A Alufeo anavomera pamaso pa anthu. Ndiye waona mmene zilili? Mitengo ili moyo, ine ndili pano. Mitengo ikafa, ndipinde mphasa.

Kwathuko ndikapeza ndani? Amsinkhu wanga onse anagona. Kuno ndikakhala pakhonde ndimaona nkhalango imene agona mayi ako.

Chimodzi usaiwale. Msangu ukakhwima umayoyola masamba m'chilimwe, n'kuphukanso mvula ikagwa. Yathuyi sinayambe, poti ndi ana, koma sipatenga nthawi. Ukamva kuti yayoyola, usadabwe.

Ndikukupempha, lembera atsibweni ako. Uwauze kuti mitengoyo ndi yako ndipo waikiza kwa ine. Amandiyang'ana molakwika masiku ano. Mawu a mwini munda amalemera kuposa a mkamwini.

A Gerevazio akuti pepala latha. Ine ndikuti amalemba zilembo zazikulu ngati zapakhoma la tchalitchi.

Bambo ako,
Zikhalo


Johannesburg, 11 Disembala 2022

Okondedwa bambo,

Moni. Ndakondwa kumva kuti muli bwino. Ine ndili bwino, chifuwa chinatha. Kalata yanu ndinawerengera m'basi popita kuntchito, ndipo ndinaseka ndekha pa nkhani ya khola la mbuzi.

Khisimisi ino sindibwera. Mapepala anga anatha, ndikatuluka sandilolanso kulowa, ndiye ntchito ithera pomwepo.

A Bongani akupatsani jekete, mankhwala opaka bondo ndi kangachepe koti mugulire feteleza. Bambo, mukanangonena kuti munda ukufuna feteleza. Ine ndi mwana wanu, simufunika kuzungulira mpaka ku Golomoti.

Za atsibweni musade nkhawa. Ndi munthu wopemphera, sangaphwanye mawu a malemu. Ndikawalembera ine aona ngati ndikuwakayikira, kenako pabuke nkhani pamene panalibe nkhani. Muzidya, muzigona. Moni kwa a Gerevazio.

Mwana wanu,
Pilira


Kasina, 9 Januwale 2023

Pilira mwana wanga,

Moni. Jekete ndalandira, yandikwana. Koma ine sindinapemphe feteleza, ndinapempha kalata.

Yayoyola! Yonse makumi awiri ndi itatu! Mvula itakhazikika, ndinapita m'mawa kukapalira, ndinapeza pansi pali mbuu timasamba ngati wina wafesa mapira. Ndinayang'ana kumwamba, nthambi zili mbee, dzuwa likutsika bwinobwino mpaka pachimanga. Ndinakhala pamzere n'kulira, mwana wanga, mwamuna wamkulu ine. Zaka zisanu ndi ziwiri tinadikira tsiku limeneli ndi mayi ako, ndipo iwo aliphonya ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha. Monga ndinakuuza muja, msangu ndi mtengo wosiyana ndi anzake. Mvula ikagwa umavula, kuti chimanga chidye masambawo ndi kuona dzuwa. Chilimwe chikafika, ina yonse itauma, iwo ndiye umavala. Ukayamba kutero ndiye kuti muzu wafika pamadzi, mtengo wakula.

Koma anthu akuno sakuona choncho. Phiri lonse lili biriwiri, mitengo yanga yokha ili njo ngati mafupa. Amayi akamapita kudimba akumalambalala munda wathu. Akuti mitengo yatsatira mayi ako a Magadalena.

Lachisanu a Alufeo anandipeza ndikupalira. Anati, "Alamu, pepani, yafa."

Ndinati, "Siinafe, alamu, yavula."

Anati, "Yavula? Ikupita kukasamba?"

Ndinapala khungwa ndi chikhadabo kuwaonetsa kuti mkati ndi mwauwisi. Anati ngakhale bulugamu ukangofa kumene umakhala wauwisi mkati. Ndinati tsikani ku Golomoti mukaone nokha. Anati iwo sangakwere galimoto kukaona mitengo youma, ali nayo kale pafupi. Ndinati dikirani mpaka Meyi. Anati Kettie, mwana wa mayi ako aang'ono, ali ndi ana anayi ndipo alibe polima kachewere, ndiye sangadikire nthano zanga.

Nthano! Ndi vuto lake la kukhala munthu wokamba nkhani. Zaka zonsezi ndawaseketsa pamaliro ndi pamaukwati, lero ndikunena zoona akudikira pomwe ayambire kuseka.

Akuti akufunsa iwe, poti ndiwe mwini munda. Foni yojambula ili ndi Kettie, ndiye awo mawu afulumira. Pilira, ndagwira mwendo wako. Usavomere. Uwauze mawu awiri okha: dikirani Meyi. Sindikupempha china.

Bambo ako,
Zikhalo

Pilira, ndine Gerevazio. Kalata iyi uikhulupirire kuposa yoyamba ija.


Kasina, 16 Januwale 2023

Mphwanga Pilira,

Ndikhulupirira uli bwino. Kuno tonse tili bwino. Kalatayi Kettie aijambula pa foni pamodzi ndi zithunzi zinayi za munda, kuti uone wekha, usadzati atsibweni ananama.

Mitengo ya bambo ako yauma yonse. Palibe tsamba ndi limodzi lomwe, pamene mvula ikugwa tsiku ndi tsiku. Ine ndinasunga mawu a mlongo wanga miyezi yonseyi, ndipo ndikanasungabe. Koma iye anati ikadali moyo.

Bambo ako sakuvomereza. Akumayankhula ndi mitengoyo, akuti yavula zovala. Chisoni chawalowa m'mutu, ndipo kukhala pafupi ndi manda sikukuwathandiza. Kwawo kuli mwana wa mchimwene wawo amene angawasamale. Sitikuwathamangitsa ngati galu. Tiwasudzula mwaulemu, monga mwa mwambo.

Munda ndi wako. Ukalola, tidula mitengoyo, ndipo akakolola chimanga Kettie azilimamo mpaka udzabwere. Yankha msanga.

Atsibweni ako,
Alufeo


Johannesburg, 18 Januwale 2023

Atsibweni,

Moni. Zithunzi ndaziona, ndipo mtima wandipweteka. Ndinatulutsa kalata ya bambo ya mu Novembala kuti ndiwerengenso, poti chiyambire nthawi imeneyo sanandilemberenso. Analemba okha kuti msangu umayoyola m'chilimwe n'kuphuka mvula ikagwa. Ngati yayoyola mu Januwale, ndiye kuti yafadi, ndipo iwo akudziwa, kungoti akuopa kunena.

Chitani monga mwaonera. Koma chonde atsibweni, musawakalipire. Muwapatse nthawi yolongedza, ndipo wina awaperekeze. Muwauze kuti ndikawaona kwawoko mapepala anga akatheka.

Mphwanu,
Pilira


Kasina, 5 Febuluwale 2023

Pilira,

Ndine Gerevazio. Lero palibe akundiuza zolemba. Ndikulemba ndekha.

Ndinakulakwira, ndinalakwiranso bambo ako. M'kalata ya mu Novembala iwo anati msangu umayoyola nthawi ya mvula n'kuphuka m'chilimwe. Ine ndinabadwira kumtunda kuno, sindinaonepo mtengo wotero. Ndinati mkuluyu wasokoneza poyankhula mofulumira, ndiye ndinawakonzera mwakachetechete, monga ndinkakonzera ana a katekisimu. Ndinatembenuza mawu awo. Mu Januwale, akundiuza kalata yachiwiri, ndinazindikira chimene ndinachita, koma manyazi ananditseka pakamwa. Ndinati kalata yatsopanoyo ikakonza zonse. Kodi inakupeza?

Lolemba lapitali m'mawa anthu anasonkhana pakhomo panu. Kettie anawerenga yankho lako pa foni. Atafika pakuti "analemba okha", bambo ako anaimirira.

"Ine? Ndinanena zimenezo ine?"

Anatembenuka kundiyang'ana. "Gerevazio, unalemba chiyani?"

Zaka makumi anayi tikudziwana, sananditchulepo dzina lopanda "a".

Ndinaimirira n'kuulula pamaso pa onse. A Alufeo anati, "Akatekisiti, mwakalamba ndi Baibulo m'manja, lero mukufuna kunama kuti mupulumutse mnzanu? Khalani pansi." Anthu anaseka. Palibe anandikhulupirira.

Anyamata atatu analowa m'munda ndi nkhwangwa. Mtengo woyamba utagwa, mmodzi anagwira chibanthu n'kunena kuti, "Koma uwu ndi wauwisitu." A Alufeo anayang'ana kumbali n'kuti pitirizani. Bambo ako ankayenda pambuyo pawo, akutchula mtengo uliwonse kuti uwu unapulumuka chisanu, uwu unadyedwa ndi mbuzi kawiri. Atafika pa womaliza, wa pachulu uja, umene mayi ako anabzala ndi manja awo, anaukumbatira. Ukudziwa minga ya msangu. Jekete lija linang'ambika, magazi ankatsika m'mikono, koma sanasiye. Anangoti, "Yambani ndi ine." Anyamata anaika nkhwangwa pansi. Umenewo wokha ndiwo watsala. Zitsa sanazule, poti chimanga chikadali m'munda. Akuti azula akakolola.

Lachinayi anawasudzula. Anawapatsa nkhuku ndi dengu la ufa. Ndinawanyamulira chikwama mpaka pa Chimbiya. Njira yonse sanayankhule, munthu uja amene sangadutse chitsa osachiuza nkhani. Minibasi itafika ndinati, "A Zikhalo, ndikhululukireni." Anangondilanda chikwama n'kukwera.

Ndakaulula kwa abambo mfumu ku parishi. Koma kulapa sikudzutsa mtengo.

Gerevazio


Johannesburg, 12 Malichi 2023

Bambo anga,

Sindikudziwa ngati mulola kuti akuwerengereni kalata iyi. Makalata awiri andipeza dzulo tsiku limodzi, yanu ya mu Januwale ndi ya a Gerevazio. Galimoto ya a Bongani inafera ku Tete, inakhala kumeneko masabata asanu ndi awiri, kalata yanu ili m'thumba la jekete lawo. Atabwerera kumudzi kukatenga zipangizo ndi pomwe analandira yachiwiriyo.

Munapempha mawu awiri okha. Ine ndinatumiza nkhwangwa.

Mu Novembala munandiuza kuti ndilembere atsibweni, ine n'kukutumizirani feteleza. Ndinkaona ngati mukungokamba nkhani zanu zija. Bambo, ndalira mpaka abwana anandibweza kuntchito.

Ndaimbira atsibweni. Akuti zinatha kale, munthu akasudzulidwa wasudzulidwa. Ndaimbiranso Kettie, ndamuuza kuti munda ndi wanga, alime kachewere wake koma asakhudze chitsa ndi chimodzi chomwe mpaka Juni atatha. Wavomera.

Mukudya? Akukusungani bwanji? Ndiyankheni, ngakhale kunditukwana.

Pilira


Golomoti, 20 Epulo 2023

Pilira,

Moni. Akulemba ndi a Jacqueline, akazi a mwana wa achimwene. Akundisunga bwino. Ndimagona m'chipinda cha matumba.

Sindikukutukwana. Unawerenga zimene zinalembedwa.

Kuno misangu ili paliponse, ikuluikulu, yayamba kale kuphuka. Ndimakhala chofulatira. Ana akuno sandidziwa, amanditchula agogo a kumtunda. Kumtundako ndinali wa kunsi.

Ndilibe nkhani.

Zikhalo

Alamu, ndine Jacqueline. Ndadikira kuti awonjezere, koma akuti basi. Akudya pang'ono kwambiri. Ngati pali chimene mungachite, chitani msanga.


Kasina, 17 Juni 2023

Alamu a Zikhalo,

Moni. Ndine Alufeo. Kalatayi abwera nayo a Gerevazio pamanja, akuti aiwerenga okha pamaso panu ngakhale muwathamangitse.

Sindidziwa kuyankhula zambiri ngati inu. Chisanu chafika, udzu wauma, mitengo ya m'phiri yayoyola. Mtengo wa pachulu uja wavala masamba. Wachita ndi maluwa omwe, otuwira ngati timichira, ndipo njuchi zikuchita kulira mpaka kumveka kunjira. Ndakhala ndikupita m'mawa uliwonse sabata yathunthu kuti mwina maso akundinamiza.

Zitsa nazo zaphuka. Ndawerenga, khumi ndi zisanu ndi zinayi. Chilichonse chatulutsa mphukira zambirimbiri, ndipo sitikudziwa chochita nazo. Kettie wamanga mbuzi zake.

Tsiku lija ndinamva pamene mnyamata uja anati mtengo ndi wauwisi. Ndinamva bwinobwino. Ndinachita manyazi kubwerera m'mbuyo anthu akuona.

Akuluakulu akuti wosudzulidwa sabwerera. Ndawauza kuti mlongo wanga anati ikadali moyo, ndipo ili moyo. Nyumba yanu sitinakhudze. Nkhuku ija musabweze.

Bwerani, alamu.

Alufeo


Kasina, 9 Julayi 2023

Mwana wanga Pilira,

Moni ku Joni. Uli bwanji? Kuno kukuzizira koti ngakhale nkhuku zikukana kutsika m'chitele. Jekete lija Kettie walisoka, kungoti ulusi wake ndi wofiira, ndikumaoneka ngati mbuzi yochitidwa opaleshoni.

Ndabwerera. A Gerevazio anafika ku Golomoti thukuta lili kamukamu, atavala juzi ziwiri ngati ali kwawo kumtunda. Ndinawasiya ataimirira padzuwa kanthawi ndithu. Kenako ndinawagwira dzanja n'kupita nawo pansi pa msangu waukulu wa kudambo, ndinati, "Yang'anani kumwamba, aphunzitsi. Ndi mwezi wanji uno?" Anavula chipewa.

Usaganize kuti zonse zabwerera. Zitsa zitatu zafa ndithu, china ndi cha mtengo umene unali wautali kuposa yonse. Ndinakhala pamenepo tsiku lathunthu. Zaka zisanu ndi ziwiri zinagwa m'mawa umodzi, ndipo ine zaka zina zisanu ndi ziwiri sindikudziwa ngati ndili nazo. Masiku ano ndikayenda kufika pachulu ndimapuma kawiri.

Ndiye ndayamba kuphunzitsa. Pa chitsa chilichonse timasankha mphukira imodzi yowongoka, zinazo timadula, kuti mphamvu yonse ya muzu ipite kumodzi. Muzu uja ukadali pamadzi, ndiye ikula msanga kuposa poyamba. Kettie wagwira msanga, ali ndi dzanja la mayi ako, ndipo amanditukwana chimodzimodzi minga ikamubaya. Kachewere wake alima pakati pa mizere. Atsibweni ako amabwera ndi chikwanje, amangofunsa kuti, "Iyi kapena iyi?" Dzulo adula yolakwika. Ndawakhululukira, koma ndawauza.

Tsopano tchera khutu, pakuti ichi ndi chimene ndakulemberera. Mwina tsiku lina mitengoyi idzayoyolanso ine kulibe, ndipo padzabwera wina wanzeru zake n'kunena kuti yafa. Mwini munda ndiwe. Msangu umavula nthawi ya mvula, umavala m'chilimwe. Aliyense wobwera ndi nkhwangwa mu Januwale, umuuze adikire Meyi.

A Gerevazio, werenganinso pamenepo ndimve.

Awerenga. Alemba zoona.

Bambo ako,
Zikhalo

Pilira, andiwerengetsa katatu, kenako aitana Kettie kuti awerengenso. Gerevazio.